Kodi Kumwamba Kulinso Malire?

Funso: A Mkonzi, ine ndi telala ku Yeoville kuno ku Joni. Ndikusoka diresi, kasitomala anandiuza kuti ndege za ku Rwanda zimalambalala Congo. Kodi kumwamba kulinso malire?

Yankho: Alikodi, bambo. Pangano la mayiko la za maulendo a ndege, lomwe linasainidwa ku Chicago mu 1944, limati mlengalenga mwa dziko lililonse ndi mwa eni dzikolo. Ubale ukasokonekera, amatseka njira. DR Congo inatsekera ndege za Rwanda mu February 2025, zigawenga za M23, zomwe Congo inkati zikuthandizidwa ndi Rwanda, zitalanda mzinda wake wa Goma. Kulambalala kumadya mafuta ndi nthawi, ndipo zimandiwawa kuti mtolowo umakagwera ogula tikiti.

Kuno komwe zinachitikapo. Kuyambira 1963, mayiko ambiri a mu Africa anakaniza South African Airways kudutsa chifukwa cha tsankho. Popita ku London inkazungulira kunyanja, n'kukathira mafuta pachilumba cha Sal ku Cape Verde.