Si phokoso chabe amwene, kungoti akulowetserani khomo lolakwika

Amwene mwafunsa ngati anthu okonda free jazz, jazi yoimba momasuka osatsata malamulo ake akale, ndi nyimbo zachilendo zinazi timazikondadi kapena timangofuna kuoneka ozindikira, poti mnzanu wakutumizirani chimbale cha Ascension cha John Coltrane, katswiri wa saxophone wa ku America, nde inu mwangomva ngati anthu akukangana ndi malipenga. Ine ndimamvera zimenezi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo choyamba ndikuuzeni kuti mnzanuyo sanakuthandizeni, Ascension si poyambira ayi. Mmenemo muli anthu 11 akuimba limodzi kwa mphindi pafupifupi 40 osapuma, ngakhale ife amene makutu anazolowera timachita kusankha tsiku loti tiiyike. Inenso ulendo woyamba ndinazimitsa pasanathe mphindi zitatu.

Odzionetsera alipo, sindikana, aja amangotchula maina ambirimbiri koma ukawafunsa kuti mu nyimboyi wamvamo chiyani alibe choyankha. Koma chomwe chimandipweteka ndi mawu aja ena alemba apa akuti anthuwa sadziwa kuimba nchifukwa chake amangoliza zilizonse. Aaa ayi. Coltrane yemweyu ndi amene ali mu Kind of Blue ya Miles Davis ya 1959, ndi yemweyonso anatulutsa Giant Steps mu 1960, nyimbo imene makodi ake, magulu a manotsi olira pamodzi, amasinthasintha mothamanga moti mpaka lero ophunzira jazi amatuluka nayo thukuta. Munthu ameneyu malamulo onse anali m'manja mwake, anawadziwa mpaka anaona kuti zimene zili mumtima mwake sizikukwananso mmenemo, nde anayamba kufuna njira ina. Anajambula Ascension mu 1965 ndipo mu 1967 anamwalira ali ndi zaka 40 zokha, akadali pa ulendo womwewo wofunafuna.

Ndikuuzeni mmene khutu langa linatsegukira chifukwa mwina zingakuthandizeni kuposa mbiri yonseyi. Pali chimbale cha Ornette Coleman, wa saxophone nayenso, chotchedwa Free Jazz, chinatuluka mu 1961 ndipo dzina la mtundu wa nyimbozi anthu amalilumikiza ndi chimenecho. Mmenemo muli mabandi awiri a anthu anayi anayi akuimba nthawi imodzi, bandi ina anaiyika ku sipika ya kumanzere ina ya kumanja. Ndinachiyesa kangapo osamva kanthu, tsiku lina usiku tulo titandithawa ndinavala mahedifoni nkuchiyikanso, kenako ndinangovula la kumanja nkutsala ndi la kumanzere lokha. Amwene, zinthu zinangoyera. Ndinamva Billy Higgins pa madramu akuyenda bwinobwino, biti yake yoti mpaka phazi limagwedezeka lokha, ndinamva Ornette akuliza ka tchuni kafupi nde Don Cherry pa kalipenga kake kakang'ono nkukatola, kukapinda pang'ono, nkukabweza. Nditasintha khutu ndinapeza Eric Dolphy ndi bass clarinet yake akuchita ngati akuseka zimene anzake anena mbali inayo, pansi pake Charlie Haden wagwira besi mwaulemu osagwedezeka. Nditavala onse awiri phokoso lija linali litapita, panatsala anthu asanu ndi atatu akucheza, wina akuyankha, wina akudula mnzake pakamwa, wina wangokhala chete kudikira mpata wake. Kuyambira tsiku limenelo ndikayika nyimbo yovuta ndimasankha chida chimodzi nkuchitsatira ngati ukutsatira munthu mmodzi m'chigulu, zinazo zimabwera zokha pambuyo.

Vuto ndi loti tinazolowera kuti nyimbo izitigwira dzanja, vesi kolasi vesi kolasi, umadziwiratu pomwe ikupita. Izizi sizikugwira dzanja, oimbawo nawonso sakudziwa chimene chichitike mphindi ikubwerayo, nde kukoma kwake kuli pa kuwamva akupezana.

Komanso musaganize kuti okonda jazi tonse timagwirizana pa nkhaniyi, mkangano wake ndi wakalekale. Chimbale cha Ornette chija chitatuluka magazini ya DownBeat inasindikiza maganizo a anthu awiri pa chimbale chimodzi chomwecho, wina anachipatsa nyenyezi zisanu winayo sanapereke olo imodzi. Miles Davis naye sankazifuna za Ornette ndipo sankabisa, koma onani mu 1970 iyenso anatulutsa Bitches Brew yodzadza zida zamagetsi, wokonza chimbalecho Teo Macero atadula matepi nkuwalumikiza mu situdiyo, nde okonda jazi yakale anati Miles wagulitsa mtundu. Ngakhale mu bandi ya Coltrane momwe, McCoy Tyner wa piyano ndi Elvin Jones wa madramu anachoka nyimbo zitayamba kulowera uku ndipo Rashied Ali atabwera ngati woimba madramu wachiwiri. Ndiye ngati akatswiri ngati amenewo zinawakanika kupirira, inu musadzione ngati ndinu mbuli chifukwa Ascension yakukanani ulendo woyamba.

Ndipo inenso si zonse zimene ndimameza. Za wopeka nyimbo John Cage zotchedwa 4'33", zimene David Tudor anakhala pa piyano mu 1952 kwa mphindi zinayi ndi masekondi 33 osagunda kiyi olo imodzi kuti anthu amve phokoso la m'chipindamo, mfundo yake ndimailemekeza ndipo inandisintha mmene ndimamvera mvula kapena fani ikamazungulira, koma sindinganame kuti ndimaibwereza. Machine Gun ya Peter Brötzmann, wa saxophone wa ku Germany, ya 1968 ndimaiyika mwina kawiri pachaka basi, ndi yaukali kwambiri, imafuna tsiku loti nawenso mkati mwako mukuwira. Ndipo zilipo zina zotchedwa experimental zomwe kwa ine mulibe kanthu, munthu wangoyatsa makina nkuwasiya akulira. Muyezo wanga ndi umodzi, kodi anthuwa akumverana? Ndinaonerapo anthu awiri okha pa siteji, wa saxophone ndi wa madramu, pakati pa nyimbo wa madramu uja anasiya kumenya nkuyamba kukwekweza nsonga ya kamtengo kake pa mbale yachitsulo ija, ikulira mawu oonda ngati chitseko chadzimbiri, wa saxophone anatsinzina, anadikira, kenako anapeza liwu lomwelo ndendende nkulikoka mpaka sumathanso kusiyanitsa kuti likuchokera kwa ndani. M'chipinda monse munalibe olo wotsokomola. Zimenezo munthu sanganamizire, ndipo ndi zimene ndimasaka nthawi zonse.

Wina walembanso kuti izi ndi nyimbo za azungu ophunzira kwambiri. Pepani koma mbiri sikutero. Free jazz anaiyambitsa makamaka anthu akuda a ku America nthawi imene ankamenyera ufulu wawo, Ornette, Cecil Taylor, Albert Ayler, Sun Ra. Coltrane ali ndi nyimbo yotchedwa Alabama ya 1963 imene anthu amailumikiza ndi bomba limene linapha atsikana anayi mu tchalitchi ku Birmingham m'chigawo cha Alabama chaka chomwecho, mukaimvera saxophone yake ikuyankhula ngati munthu wogwidwa chisoni amene misozi yamuthera. Ku Chicago mu 1965 oimba akuda anakhazikitsa bungwe lawo la AACM kuti aziimba zimene akufuna osadikira eni makalabu. Ndipo anyamata a Blue Notes, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani, Louis Moholo ndi Chris McGregor, anachoka ku South Africa mu 1964 chifukwa malamulo a tsankho sankalola bandi ya akuda ndi mzungu kuimba limodzi mwamtendere, atafika ku London anagwedeza jazi ya ku Ulaya konse. Kukuwa kumene mumamva mu saxophone ya Pukwana si masamu a m'kalasi, ndi munthu wosowa kwawo.

Nde ngati mukufunadi kuyesa, Ascension ija isiyeni kaye. Yambani ndi Lonely Woman ya Ornette, ili mu chimbale cha The Shape of Jazz to Come cha 1959, mumve mmene madramu akuthamangira pomwe malipenga akukoka pang'onopang'ono ngati maliro, zinthu ziwiri zosiyana liwiro koma zikuyenda limodzi, nyimbo imeneyo ine mpaka pano imandilimbitsa pakhosi. Mukatero pitani ku A Love Supreme ya Coltrane, mugwire besi ya Jimmy Garrison, manotsi anayi okha amene amabwerezabwereza mpaka Coltrane amadzawaimba ndi pakamwa. Ngati mumakonda zofatsa pali Journey in Satchidananda ya Alice Coltrane ya 1971, iyeyo akuliza zeze ndipo Pharoah Sanders ali pa saxophone, imeneyo ngakhale anthu odana ndi jazi ndawaona akufunsa dzina lake. Sanders yemweyo ali wokalamba anatulutsa Promises mu 2021 ndi Floating Points, wopanga nyimbo za pa kompyuta, komanso London Symphony Orchestra, ndipo achinyamata ambiri okonda nyimbo za pa kompyuta analowera khomo limenelo. Musamvere mukuchapa kapena mukuyankha mauthenga pa foni, khalani pansi, mahedifoni, voliyumu yapakatikati, kamodzi patsiku nkokwanira.

Pakapita milungu ingapo mudzabwerere ku Ascension, mudzaona kuti ili ndi dongosolo lake, gulu lonse limaphulika limodzi kenako limapatuka kusiyira munthu mmodzi solo, akamaliza gulu limabweranso, choncho choncho mpaka kumapeto. Solo yoyamba ndi ya Coltrane mwini wake, pirirani mpaka pamenepo, kenako dikirani pomwe malipenga onse akhala chete nkutsala piyano ya McCoy Tyner, mumve mmene mpweya umabwerera m'chifuwa. Ikadzakukananinso ulendo umenewo palibe mlandu, mudzatsale ndi Lonely Woman, mudzandiuze ngati khutu lanu linatsatira madramu kapena malipenga.