Kuyankha achimwene a ku Joni ofuna kuyamba geni ya ng'ombe zanyama

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti asungako kangachepe ndipo akufuna kutumizira mng'ono wawo ku Lilongwe kuti akagule ng'ombe zisanu ku Chikwawa, azinenepetse m'khola kenako adzagulitse pa Khirisimasi. Akufunsa ngati phindu lilipo komanso poyambira pake.

Achimwene, phindu lilipo ndithu, koma mng'ono wanuyo asathamangire kumsika wa ng'ombe, ayambe wapita kwa a butchala awiri atatu akafunse kuti kilo ya nyama akupikula bwanji. Chifukwa chake nchakuti ng'ombe ikaphedwa nkuchotsa chikopa, mutu, ziboda ndi zam'kati, chotsala chimangokhala theka kapena kuposerapo pang'ono, ndiye ya makilo 300 yamoyo muziwerengera nyama ya makilo ngati 150 basi, ndipo wa butchala akamayizungulira ng'ombe yanu uku akuigwira pamsana ndi masamu amenewa akupanga m'mutu mwake, za madeya amene mwagula ndi transipoti alibe nazo ntchito. Mukadziwa mtengo umenewo muchotsepo chakudya, mankhwala, galimoto, wantchito, chotsalacho ndiye malire a ndalama yogulira. Ikadutsa pamenepo isiyeni, ngakhale ikhale yokongola bwanji.

Pamsikapo asankhe mfule, yazaka ziwiri kapena zitatu, yoonda chifukwa chosowa msipu koma ya mafupa akuluakulu, msana wotakata, maso owala, mphuno yonyowa. Zaka asafunse mwini wake, aliyense amati ng'ombe yake ndi yaing'ono. Aitsegule kukamwa aone mano akutsogolo a m'munsi. Akakhala awiri okha akuluakulu pakati, ena onse tating'ono, ndiye kuti ili cha m'zaka ziwiri. Akakwana onse 8 akuluakulu yafika zaka zinayi kapena kuposa, ndipo akakhala operepeseka imeneyo ndi nkhalamba yopuma pangolo, idzangokumalizirani madeya. Zosakaniza ndi mtundu wakunja wa Brahman zimakula msanga kuposa zachikuda zathuzi koma zimadyanso kwambiri ndipo mtengo wake ngokwera. Madobadoba nawo samasowa, amakulandira usanatsike nkomwe galimoto, ndiye bola kupita tsiku loyamba ndalama utasiya kunyumba nkungoonerera mmene anthu akunenererana.

Tsopano za ku Chikwawa zija. Kuchigwa cha Shire ng'ombe nzambiri inde, ku Ngabu, ku Bangula konseko, koma kumabukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amachokera ku njati ngati za ku Lengwe, ndipo akabuka boma limatseka misika nkuletsa kutulutsa ziweto m'deralo. Ukhoza kugula lero mawa nkumva kuti chiletso chagwa, ng'ombe zako nkukhala komweko miyezi ukulipira wozisunga. Komanso chigawo chapakati kuli chigodola cha ng'ombe, chobwera ndi nkhupakupa, ndipo ng'ombe yochokera kumene matendawa ndi osowa imagwa msanga ikafika. Ine ndikanakhala inu ndikanagula kufupi ndi Lilongwe konkuno, transipoti ya kuchokera kuchigwa kukwera Thabwa mpaka Lilongwe payokha ikhoza kudya phindu la ng'ombe imodzi.

Mapepala musachite nawo chibwana. Kalata ya kwa amfumu yosonyeza kuti ng'ombeyo ndi ya wogulitsayo, ndi chiphaso choyendetsera ziweto cha kwa alangizi a ziweto. Ng'ombe zakuba zilipo zambiri, ndipo yotchipa modabwitsa yopanda kalata imathera kupolisi limodzi ndi wogula.

Zikafika pakhomo azimwetse mankhwala a nyongolotsi, azipopere dibi, ndipo madeya ayambe pang'onopang'ono, ukaithira chidebe chodzadza tsiku loyamba imatupa mimba. Chakudya chake ndi chomwe mukuchidziwa, madeya, masangwi a mtedza, mapesi, nsenjere ngati ilipo, kamchere pang'ono, ndi madzi osachepera malita 30 iliyonse patsiku nthawi yotentha. Apa ndi pamene ambiri amagwera, amagula ng'ombe chakudya alibe, ndiye pofika October madeya akwera mtengo poti a nkhumba ndi a nkhuku akulimbirana omwewo. Madeya ndi masangwi agulidwe nthawi yokolola, aumitsidwe bwino asachite nkhungu. Yachikuda yodya bwino imawonjezera ngati theka la kilo patsiku, ndiye pa masiku 120 ndi makilo 60, muwerengere pamenepo osati nkhani zokoma za pa WhatsApp. Ikabayidwa jakisoni chakumapeto, awerenge pabotolo masiku oyenera kudikira isanaphedwe.

Pogulitsa, Khirisimasi ndi Eid nyama imayenda, koma wogula apezeke kukadali milungu ingapo, ndipo za "tenga udzalipira nyama ikatha" ayi, ngongole za m'mabutchala zaliza anthu ambiri.

Za zisanu zija, ine ndikuti yambani ndi ziwiri. Inu muli kutali ndipo simunandiuze ngati mng'ono wanuyo anawetapo ng'ombe. Mugulireni tepi yoyezera pachifuwa ija yosonyeza makilo, aziyeza milungu iwiri iliyonse nkukutumizirani chithunzi tepiyo ili pang'ombepo, pamodzi ndi malisiti a madeya. Zikayenda bwino ulendo woyambawu, zitatu zinazo mudzawonjezera chaka chamawa mukakolola.