Tigule Pearl Export Kapena Yamaha Stage Custom?

FUNSO: Ndimaimba ng'oma m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu. Tasonkha ndalama chaka chathunthu, ndipo mnzathu wa ku Johannesburg wavomera kukatigulira ng'oma zatsopano. Koma tagawanika: ena akufuna Pearl Export, ena Yamaha Stage Custom. Tithandizeni. — Wowerenga, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, zonsezi n'zabwino, koma khutu langa limakonda Yamaha. Thupi lake ndi la mtengo wa birch, ndipo mawu ake amatuluka owala, osasokonekera ngakhale kiyibodi ndi gitala zikulira limodzi. Export, yomwe Pearl inayamba kupanga mu 1982, imalira mozama pang'ono ndipo imapirira kusamutsidwasamutsidwa.

Chenjerani apa: nthawi zambiri Stage Custom amaigulitsa ng'oma zokhazokha, popanda ma cymbal (mbale zachitsulo zija), pedal (chopondera cha ng'oma yaikulu) ndi zoimikira, pomwe Export kawirikawiri imabwera nazo zoimikirazo. Mnzanuyo afunsitse zomwe zili m'katoni asanalipire. Ndinaonapo kwaya ina itatsegula makatoni Loweruka madzulo, nkhope zonse kugwa, chifukwa panalibe ngakhale poikira ng'oma yaing'ono ya snare.

Ngati thumba ndi lochepa, tengani Export, ndalama yotsalayo mugulire ma cymbal abwinoko. Ng'oma yosamveka bwino mungaikonze poisintha chikopa, cha Remo kapena Evans, n'kuikunga bwino. Cymbal yolira ngati chivundikiro cha poto ilibe mankhwala.

Ngati tchalitchi chanu n'chaching'ono, chofolera malata, ng'oma yaikulu (bass) ya mainchesi 20 ikukwanirani kuposa ya 22. Musaiwalenso kupatula ndalama ya thiransipoti ndi msonkho wa pachipata.