Malangizo a agogo: Khirisimasi yopanda mpunga ndi nkhuku

Mdzukulu wanga wina amakhala ku Moatize, kumene mwamuna wake amagwira ntchito ku migodi ya malasha. Chaka chino akadyera Khirisimasi kwa apongozi ake, m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwe, ndipo abale agwirizana kuti iye ndiye ayang'anire zophika. Akuti watopa ndi mpunga ndi nkhuku chaka ndi chaka. Akufuna kuphika supageti, saladi ya mbatata yothira mayonezi ndi keke, nsima osaphika n'komwe. Ndiye wandifunsa kuti, "Agogo, kodi ndikatero ndiye kuti ndaphwanya mwambo?" Achinyamata ambiri a ku Tete, ku Furancungo ndi ku Zóbuè ali ndi funso lomweli, choncho poyankha iye ndikuyankha nonse.

Mdzukulu wanga, kusintha chakudya si kuphwanya mwambo. Mpunga ndi nkhuku ya pa Khirisimasi sizinachokere kwa makolo athu akale. Khirisimasi yeniyeniyo inadza ndi amishoni, monga ansembe a Chijezuiti amene anakhazikika ku Lifidzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mpunga unasanduka chakudya cha chikondwerero chifukwa kuno ku mapiri a Angónia sitiulima kwenikweni, timachita kugula, ndiye munthu ankaulawa mwa kamodzikamodzi. Ngakhale chimanga chimene timachiyesa chathu chinaoloka nyanja kuchokera ku America. Chisanafike, nsima inali ya mapira ndi mawere. Mbatata ya kachewere imene yadzaza minda ya ku Tsangano nayonso ndi mlendo wochokera komweko. Ife amene tinathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, pobwerera mtendere utasainidwa mu 1992, tinabwera ndi kaphikidwe kena kamene amayi athu sankakadziwa, ndipo palibe anatiimba mlandu. Ndiye usaope makaroni.

Chimene mwambo umasunga ndi ulemu wa eni nyumba ndi kukhuta kwa aliyense wofika pakhomo. Pamenepa ndipo ndikufuna undimvetsetse.

Mafuwa amene ukaphikirepo ndi a apongozi ako. Iwo aphikira banja limenelo Khirisimasi zambiri iwe usanabadwe. Ukangotsika chapa, minibasi ija, ndi majumbo n'kuyamba kulamula kuti mphika uwu apa, uwo uko, adzakusiyira khitchini mwakachetechete, koma mtima wawo udzakhala utasweka, ndipo sadzakuuza. Ayimbire foni kudakali masabata, kapena ukafika ukhale nawo pamphasa, unene kuti, "Amayi, ndinaganiza zoti chaka chino ndikuphikireni chakudya chimene ndinaphunzira ku tauni kuti mulaweko. Inu mukuona bwanji?" Usatume mwamuna wako kuti akakunenere, chifukwa zidzamveka ngati nkhani munaimaliza kale awiri kuchipinda. Ndipo mawu akuti "ndatopa ndi mpunga ndi nkhuku" uwasiye ku Moatize komweko. Kwa anthu amene amadya mpunga kawiri kapena katatu pachaka, mawu amenewo amapweteka.

Nsima yokha usaichotse. Pano sindikunyengerera. Disembala ndi mwezi wopalira, anthu akhala akugwira khasu kuyambira mbandakucha, ndipo mkulu wa kumudzi akapanda kugwira nsima m'manja amati sanadye, ngakhale mbale ya supageti itadzaza bwanji. Sadzadandaula pamaso pako. Adzathokoza, n'kupita kwawo kukauza akazi awo kuti ateleke mphika usiku, ndipo mawa mudzi wonse udzadziwa kuti kwa auje anthu anagona ndi njala pa Khirisimasi. Mphika umodzi wa nsima sukuwonongera phwando. Pambali pake pakhale nkhwani wotendera, ndipo poti ino ndi nyengo ya bowa, wina wodziwa kuzula akakupezereko. Apongozi ako uwapemphe kuti ndiwo zimenezi aziyang'anire okha, adzamva kuti tsikulo ndi lawonso.

Za nkhuku, yamba wafunsa. Mwina pali tambala amene akhala akumusunga chiyambire kukolola, akumuteteza kwa akabawi ndi chitopa, kuti adzaphere inu ana awo ochokera kutali. Kukana tambala ameneyo n'kukana mphatso. Chimene ungasinthe ndi kaphikidwe. M'malo momuwiritsa ndi tomato monga mwa masiku onse, umupake adyo, mandimu, mchere ndi tsabola, agonere kwa maola angapo, kenako umuwotche pamakala. Ngati ungapeze kokonati ku msika wa ku Tete, thira mkaka wake monga amachitira anzathu a ku Zambézia. Koma nthutumba isasowe m'mbale ya mwini khomo kapena mlendo wolemekezeka. Akulu amayang'ana chimenecho poyamba, chifukwa ndicho chimaonetsa kuti nkhuku yaphedwera iwo. Zidutswa za nkhuku ya mufiriji ya kusitolo sizingalowe m'malo mwake.

Tsopano za chakudya chako chatsopanocho. Ine ndikanakhala iwe ndikanachimanga pa zinthu zimene dziko lathu lili nazo kale. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka mpaka ku Maputo, chifukwa imakula ikudya masau ndi malambe m'tchire la kuchigwa. Nyama yake ukaiduladula ting'onoting'ono n'kuiphika pang'onopang'ono ndi anyezi, adyo ndi tomato wambiri mpaka ifewe, msuzi wakewo umayenda ndi makaroni, umayendanso ndi nsima. Mphika umodzi wasangalatsa mibadwo iwiri. Ndipo gula makaroni aafupiafupi m'malo mwa supageti wamtali uja. Kumudzi mafoloko ndi ochepa, ndipo si bwino kuti agogo aamuna azilimbana ndi zingwe zoterera adzukulu akuwayang'ana. Makaroni aafupi amadyeka ndi supuni. Paketi ya magalamu 500 imakwanira anthu ngati asanu, ndiye werenga anthu ako, uwonjezerepo mapaketi awiri a alendo osaitanidwa, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Uwaphike m'madzi ambiri owira kale, othira mchere, ndipo akhale omalizira kuphikidwa. Akakhalitsa amamatana.

Mbatata ya kachewere ili pakhomo pomwepo, yotchipa kuposa ku tauni. Pende, nsomba ya mu Zambezi, kapena kapenta wa ku Cahora Bassa ungabwere naye. Keke imapsa bwinobwino mumphika, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro, monga timaphikira chigumu. Zakumwa, mango ali mbwee mwezi uno, malambe aliponso, ndipo thobwa la apongozi ako lisasowe chifukwa cha mabotolo a kusitolo.

Saladi ya mayonezi ndiyo ikundidetsa nkhawa. Chakudya chimenechi chimafuna firiji, ndipo kumudzi kumene ukupitako mwina kulibe magetsi. Mbatata yophika ndi mazira zikasakanizidwa n'kukhala panja kupitirira maola awiri, tizilombo timaswana ngakhale fungo lisanasinthe, ndipo kukatentha kwambiri ola limodzi ndi lokwanira. Usayerekeze kuikonzera ku Moatize n'kuyenda nayo pa chapa m'kutentha kwa kuchigwa kuja. Ngati ukuifunadi, wiritsa mbatata tsiku lomwelo, utsekule botolo la mayonezi anthu atakhala kale pansi, ndipo yotsala isagone. Ana aang'ono ndi okalamba ndiwo amayamba kugwa m'mimba mukavuta. Kumbukiranso kuti ino ndi nyengo ya mvula, nthawi imene kolera imabuka. Mu 2023 inavutitsa anthu kuno ku Tete ndi ku Malawi komwe, sitinaiwale. Kabichi, tomato ndi letesi zodya zosaphika uzitsuke ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala oyeretsera madzi a Certeza, ndipo madzi osungunulira malambe akhale otero omwe. Posamba m'manja, wina azithirira anthu ndi jagi ndi sopo, asamasambe onse m'beseni limodzi. Ukaganiza za nkhumba, ipse mpaka mkati, ndipo nyama yokhala ndi timatuza toyera ngati mpunga usaigule ngakhale itatchipa chotani, chifukwa imapatsa njoka za m'mimba. Uyambenso wafufuza ngati pabanjapo pali a Sabata kapena Asilamu, amene sadya nkhumba, kuti asasowe chogwira. Boma lathu limatcha tsiku la 25 Disembala kuti Dia da Família, kutanthauza tsiku la banja, ndiye ngakhale m'bale amene sapemphera nanu ayenera kupeza mbale yake.

Pa ndalama sindichulutsa mawu. Usakongole chifukwa cha tsiku limodzi. Januwale akubwera, nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, ana akufuna makope ndi yunifolomu sukulu ikamatsekulidwa. Ngati mameticais ako sakukwanira zonse, chotsa keke ndi mayonezi, usiye nyama ndi ufa. Ndipo ukawafunsa apongozi ako mwakachetechete kuti asankhe pakati pa bokosi la zakumwa ndi thumba la feteleza, yankho lawo udzalimva wekha.

Chinthu china chimene achinyamata mwatengera ku maukwati a m'tauni ndi kuyala zakudya patebulo kuti aliyense adzitengere. Kwa anzanu amsinkhu wanu palibe vuto. Koma mkulu saima pamzere ndi mbale m'manja pamodzi ndi adzukulu ake, ndipo m'mabanja ambiri mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake aakazi. Ukawaika pamzere umodzi, wina adzangoti "ndakhuta" chifukwa cha manyazi. Akuluakulu uwapakulire wekha, abambo kwawo, amayi kwawo, uwapititsire utagwada monga unalangizidwira. M'mbale mwawo muike nsima ndi ndiwo zimene akuzidziwa, chatsopanocho chikhale m'kambale kapadera, unene kuti, "Ichi ndi chimene ndinakuuzani chija, talawaniko." Akachisiya usakwiye, usawakakamizenso. Amene ali ndi matenda a shuga kapena othamanga magazi usawaunjikire keke ndi zamchere pofuna kuonetsa chikondi.

Ana uwapakulire aliyense mbale yake, chifukwa pa mbale imodzi wamkulu amatha nyama wamng'ono akadali kupemerera. Uyang'anitsitse ana amasiye ndi a kwa aneba amene amaima chapatali pafupi ndi nkhokwe, osayandikira. Amenewo uwaitane ndi mayina awo. Anthu asanayambe kudya, patula mbale za amene sangathe kubwera: agogo osayenda, mayi wamasiye wa kuseri kwa dambo, wodwala amene ali chigonere. Utume ana akapereke chakudya chikadali chotentha, ndipo m'mbale zimenezo muikemo zonse ziwiri, nsima ndi makaroni ako. Mpunga kapena makaroni otsala madzulo musasunge mpaka mawa ngati palibe firiji, agawireni amene akuthandizani kutunga madzi ndi kutsuka miphika apite nazo akadye usiku womwewo.