Kuchotsa EFI n'kuika kabureta pa Hilux ya 22R-E

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kuchotsa EFI (njira yothira petulo mu injini molamulidwa ndi kompyuta) pa Hilux yanu ya injini ya 22R-E n'kuikapo kabureta, popeza ikuzimazima, ikufuka utsi wakuda, ikumwa petulo mosaneneka, ndipo amakaniko anu akuti vuto ndi "kompyuta boksi". N'zothekadi, ndipo pa injini imeneyo n'kosavuta kuposa pa injini zambiri, chifukwa 22R-E ndi m'bale wake weniweni wa 22R ya kabureta. Zonse ndi za 2.4 lita, buloko yake ndi imodzimodzi. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe: yezetsani kaye galimotoyo bwinobwino.

Ndikutero chifukwa kompyuta ya 22R-E siifa chisawawa. Zimene zimafa ndi tizinthu tozungulira iyo. Tsegulani kabokosi kolembedwa Diagnosis m'boneti, mulumikize timabowo tolembedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya kakafupi (pa zakale kwambiri pamalembedwa T m'malo mwa TE1), mutembenuze kiyi osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa kagetsi ka Check Engine. Pa zimene zimapereka manambala awiri, 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 31 ndi air flow meter (chida choyeza mpweya wolowa mu injini), 41 ndi sensa ya pa throttle. Utsi wakuda umene mukunenawo ine ndingayambe kukayikira sensa ya madziyo. Ikafa imanamiza kompyuta kuti injini idakali yozizira, ndiye kompyuta imangothira mafuta tsiku lonse ngati ndi m'mawa wa mu June. Onaninso payipi yaikulu ya labala yochokera pa air flow meter ngati yang'ambika m'makwinya mwake, cold start injector (yothira petulo wowonjezera poliza injini yozizira) ngati ikudontha, komanso mawaya a earth ngati achita dzimbiri. Zonsezi n'zotchipa poyerekeza ndi ntchito imene mukufuna kuyambayi.

Ngati mwayesa zonsezo zakanika, kapena mawaya ake anadulidwadulidwa kale ndi anthu ambirimbiri mpaka sakudziwikanso mutu wake, apo ndikumvetsani. Munthu amene amagwira ntchito kumudzi, kutali ndi amagetsi a galimoto, amafuna chinthu choti chikavuta panjira achimasule ndi sikuludiraiva n'kuchiuzira. Ndiye tiyeni tikambe ntchitoyo.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukagula kabureta wamaliza. Ayi. Poyamba mufunika intake manifold ya 22R ya kabureta, chifukwa ya EFI ilibe pokhazika kabureta. Pezani ya zaka zofanana ndi injini yanu, popeza mu 1985 Toyota inasintha hedi ndi buloko ya injinizi, ndipo musanamange ikani gasiketi pa hedi ndi pa manifold muone ngati mabowo a madzi akukumana. Kabureta yake mutha kutenga ya Aisan imene inkabwera ndi 22R, kapena Weber 32/36 imene imafuna adaputa. Ine ndimakonda ya Aisan ikakhala kuti siinathe mabushi, koma ili ndi timapayipi ta vacuum tambiri, ndipo kamodzi kokha kakasiyidwa pululu injini siikhazikika pa idling.

Tsono mvetsetsani za mafuta, chifukwa apa mpamene anthu amawotchera magalimoto. Pampu ya EFI ili m'thanki ija imakankha petulo ndi mphamvu ya pafupifupi 40 psi (muyeso wa mphamvu yokankhira). Kabureta imafuna 3 kapena 4 psi basi. Kasingano kotseka mafuta m'chikho cha kabureta sikangalimbane ndi mphamvu yochuluka chonchija. Ndinaonapo ndi maso anga pa galaja ina: anamanga kabureta bwinobwino, payipi n'kungoilumikiza ku pampu yakale. Atangoliza, petulo anayamba kusefukira pakamwa pa kabureta, kutsetsereka pa manifold, kudonthera pansi pomwe pali sitata. Mnyamata wina anathamangira kukazula theminolo ya batire, manja akunjenjemera, tonse titabwerera m'mbuyo. Tinapulumuka chifukwa sipanathetheke moto. Titasolola dipstick, oyilo anali atasungunuka, akununkha petulo yekhayekha, ndipo anatayidwa yense. Chonde musalole zimenezi. Chotsani pampu ya m'thankiyo muike payipi m'malo mwake, kenako pampu yamagetsi ya mphamvu yochepa panja, kapena pampu ya 22R yoyendetsedwa ndi camshaft ngati hedi yanu ili ndi malo ake (imafunanso kachitsulo kake koikankha kutsogolo kwa camshaft). Mukasankha kusunga pampu yakale, gulani regulator yobweza mafuta otsala ku thanki, osati timaregulator totchipa tongotsamwitsa payipi.

Palinso kamsampha kena pomwepo. Pa 22R-E pampu imayenda chifukwa chitseko cha mkati mwa air flow meter chikatseguka chimayatsa relay yake. Mukachotsa air flow meter, galimoto imalira pomwe mukutembenuza kiyi, kenako n'kuzima mafuta a m'kabureta akatha. Ambiri amangolumikiza pampu ku kiyi mwachindunji. Imayenda inde, koma tsiku la ngozi injini itazima pampu ipitiriza kupopa petulo pansi. Idutsitseni pa relay yolamulidwa ndi switch ya oyilo kuti injini ikazima nayonso iziima.

China chimene chimaiwalika ndi distributa. Ya EFI ya kuyambira 1985 ilibe zitsulo zosuntha taimingi mkati mwake, ilibenso kachibotolo ka vacuum pambali, chifukwa ntchito imeneyo imagwiridwa ndi kompyuta. Mukachotsa kompyuta n'kusiya distributa yomweyo, palibenso chosuntha taimingi injini ikamathamanga. Mufunika distributa ya 22R ya kabureta, pamodzi ndi igniter (kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa koyilo) ndi koyilo zogwirizana nayo. Mukamva wina akudandaula kuti "chiikireni kabureta galimoto ilibe mphamvu pa chitunda, ikutenthanso", kawirikawiri nkhani imakhala pa taimingi pomwepa. Kebulo ya accelerator, choke ndi air cleaner ndi zazing'ono, mudzaziona pomanga.

Dziwaninso zimene mukutaya. EFI imayeza mpweya nthawi zonse n'kupereka mafuta olingana nawo. Kabureta imangodziwa majeti amene mwaiikira. Mukaichuna ku Nsanje kapena ku Nchalo, kumene n'kotsika, ikafika ku Dedza, kumene n'kokwera mamita pafupifupi 1,600, mpweya umapepuka ndipo imayamba kumwa mopitirira, mapulagi n'kumada. M'mawa wozizira muzidikira itenthe kaye. Ngati cholinga chanu n'kupulumutsa petulo, kabureta yochunidwa bwino ingaposedi EFI yodwala imene muli nayo panoyi, koma siingapose EFI yokonzedwa. Ndipo kumbukirani kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, kuyambira mu 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ethanol amadya malabala akale, choncho kabureta yogula pa sikirapu muiikire kiti yatsopano ndi mapayipi atsopano isanakwere pa injini.

Ndawona ena akufunsa ngati zimenezi zingathekenso pa injini zina za Toyota. Pa 3Y-E ndi 4Y-E nkhani ndi yofanana, chifukwa nazonso zili ndi anzake a kabureta, kungoti kumeneko kabureta imakhala mbali imodzi ndi exhaust, ndiye kudontha kulikonse kwa petulo n'koopsa kwambiri. Koma a 2TR-FE ya 2.7, iwalani. Ilibe distributa, pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake, VVT-i yosuntha nthawi yotsegukira mavavu imayendera kompyuta, ndipo ndalama zake zingakwane kukonza EFI kangapo.

Inuyo achimwene, mukatsimikiza kusintha, njira yabwino ndi kupeza 22R yakufa ya kabureta n'kugula zonse pamodzi: manifold, kabureta, distributa, igniter, pampu ndi mabulaketi ake, m'malo motolera chimodzi chimodzi. Zida za EFI musataye kapena kudula mawaya ake, zisungeni m'katoni. Koma mawa m'mawa yambani ndi kawaya ka TE1 ndi E1 kaja, mudzatiuze pano manambala amene atuluke, tithandizane kuwawerenga.