Thirakitala ya malemu amalume isapite kaye kwa ogula zitsulo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lizulu. Amalume awo anamwalira n'kusiya thirakitala yofiira pansi pa mtengo wa mapichesi, yolembedwa Massey Ferguson 35, ndipo yatha zaka zisanu osalira. Abale akuti igulitsidwe kwa ogula zitsulo. Achimwenewo akufunsa kuti ndi ya liti, ndipo ngati ingadzukenso n'kumalima munda wa kachewere.

Achimwene, pepani ndi zovutazo. Ogula zitsulowo auzeni adikire.

Yambani ndi kutsegula boneti, muwerenge mapaipi achitsulo opita ku mainjekita. Akakhala anayi, injiniyo ndi ya kampani ya Standard, yomwe ankaika kuyambira 1956 mpaka 1959. Ntchito imagwira, koma kuti ilire m'mawa ndi nkhondo. Ine ndinakulira ku Bembeke, ndipo ina yotere inalipo kufupi ndi kwathu. Madzulo ankaiimika dala pamtsetse, mwala kutsogolo kwa tayala. M'mawa wa mu Julayi, chifunga chili tolo, dalaivala ankakwera atavala chijasi, mnyamata n'kuchotsa mwala uja, iyo n'kumatsetsereka mwakachetechete mpaka italavula utsi woyera kumunsi kwenikweni. Ife ana tinkathamangira pambuyo pake.

Mapaipi akakhala atatu, mwetulirani. Imeneyo ndi Perkins ya masilinda atatu, ya malita 2.5, yochokera ku Peterborough ku England. Inayamba kuikidwa mu 1959, chaka chomwe Massey Ferguson inagula kampani ya Perkins, ndipo mtundu wa 35 unapitirira mpaka 1964 pomwe unalowedwa m'malo ndi 135. Injini imeneyi siimwa dizilo wambiri, mulibe kompyuta, ndipo makaniko wodziwa ntchito amaiphwasula ndi masipanala wamba pansi pa mtengo womwewo.

Koma chuma chenicheni cha thirakitalayi chili kumbuyo kwa mpando. Pitani mukaone: pali mikono itatu yachitsulo, iwiri pansi, umodzi pamwamba. Imeneyi ndi nzeru ya Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa ku County Down ku Ireland, wobadwa mu 1884. M'masiku ake thirakitala inkangokoka pulawo monga zimachitira ng'ombe. Kuti matayala asamangozungulira pamodzimodzi, inkayenera kukhala yolemera zedi. Choopsa chinali chakuti pulawo ikakodwa pa chitsa kapena pamwala, kutsogolo kwa thirakitala kunkanyamuka, n'kugudubukira chagada, dalaivala ali pansi. Anthu ambiri anafa choncho.

Ferguson anamangirira pulawo ku thirakitala kuti zikhale thupi limodzi. Mikono iwiri yapansi imakoka. Wapamwambawo ndi umene umamva kulimba kwa nthaka. Pulawo ikalowa pouma, imafuna kupendamira kutsogolo, ndiye imakankha mkono wapamwamba. Mkonowo umapanikiza sipuling'i yaikulu ili kuseri kwa mpando, sipuling'iyo imasuntha valavu, pampu ya haidiroliki n'kukweza pulawo pang'ono. Pofewa imaibwezeranso pansi. Zonsezi dalaivala osagwira kanthu. Ndipo pulawo ikamanyamulidwa chotere, kulemera kwake ndi kwa dothi lomwe kumatsikira pa matayala akumbuyo, n'kumaluma nthaka bwino. N'chifukwa chake kathirakitala kooneka kakang'ono kamalima ngati chimphona. Yang'anani mathirakitala atsopano odutsa mumsewu wa M1, a kampani ina iliyonse: kumbuyo kwake mupeza mikono itatu yomweyi.

Ferguson anali wovuta kugwira naye ntchito, tisabise. Anayamba kupanga mathirakitala ndi David Brown, mwini fakitale wa ku England, mu 1936, koma anasiyana. Mu 1938 anagwirizana ndi Henry Ford pongogwirana chanza, popanda pepala, ndipo mgwirizanowo utatha nkhani inakathera kukhoti, mpaka mu 1952 a Ford analipira madola 9.25 miliyoni. Apo n'kuti Ferguson atayamba kale kupanga thirakitala yake yotuwa, TE20, ku Coventry kuyambira 1946. Zinapangidwa zopitirira 500,000 m'zaka khumi, ya dizilo inabwera mu 1951, ndipo Edmund Hillary, katswiri wokwera mapiri wa ku New Zealand, anafika nazo ku South Pole, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, mu Januwale 1958. Kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi Massey-Harris ya ku Canada mu 1953, ndipo dzina loti Massey Ferguson linachokera pamenepo. Yofiira ya amalume anuyo ndi mdzukulu wa yotuwayo.

Tsono musathamangire kugula batire. Thirakitala yogona panja zaka zisanu imamwa madzi a mvula kudzera ku ekizozi ngati sanavindikire. Yesani kutembenuza injini ndi sipanala. Ikatembenuka, mwayi ulipo. Khuthulani dizilo wakale yense, tsukani thanki, sinthani mafyuluta, kenako tulutsani mpweya m'mapaipi, chifukwa injini ya dizilo ikameza mpweya siilira ngakhale mukankhe mudzi wonse. Onaninso oyilo wa mu giyabokosi. Oyilo yemweyo ndiye amayendetsa haidiroliki, ndiye akaoneka ngati tiyi wamkaka mwalowa madzi. Ikalira, kolekani pulawo, ikwezeni, zimitsani injini, mupite mukamwe madzi. Mukabwera n'kupeza yagwa kale pansi, mkati mukudontha. Zimakonzeka, ndipo masipeya ake akupangidwabe, ambiri ochokera ku India.

Za minda ya kwanuko ndikuchenjezeni. Thirakitala za nthawi imeneyo zinatuluka zopanda chitsulo choteteza dalaivala ikagubuduka, ndipo mabuleki ake ndi a matayala akumbuyo okha. Kutsika mtunda ngati wa ku Tsangano ndi ngolo yodzaza matumba a kachewere, ikani giya yaing'ono musanayambe kutsika ndipo phazi lichoke pa kilatchi. Pozula chitsa, tcheni musamange pa mkono wapamwamba. Mangani pansi, pa chitsulo chokokera.

Munditumizire chithunzi cha kachitsulo ka nambala kali pafupi ndi chiwongolero, ndikuuzani chaka chake chenicheni.