Za 404 ya malemu bambo anu

Achimwene mwafunsa kuti mwana wanu mumukope bwanji kuti aikonde Peugeot 404 ya malemu bambo anu, ija yangokhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Chilomoni. Ine ndingoti musamulalikire zambiri, mpatseni sipanala basi. Ineyo agogo anandiyambitsa ndi kutsuka mapulagi m'kachitini ka petulo, manja kuda bii, kenako kumasula kabureta, lero galimoto yawo ndikusunga ndine. Ubwino wa 404 mulibe za kompyuta, chilichonse mwana amachiona ndi maso, komanso giya yake ili pa chiwongolero ndiye ana a masiku ano amadabwa nayo zedi. Ku France anayamba kupanga mu 1960 koma ku Kenya anapitiriza mpaka 1991, nde zipangizo zina zimapezekabe, Loweruka mutengeni ku Ndirande mukasakesake limodzi mu zitsulo zakale zija, azimva mukunenerera mtengo. Chonde asalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha, tsamiritsani pa zitsa zolimba. Tsiku loliza injini koyamba kiyi mumupatse iyeyo, inu muzikankha kumbuyo.